Mwabwerako ku Joni? Umu ndi momwe mungakhazikikirenso pakhomo kuno ku Salima

Ndinakwera minibasi pa Kamuzu Road mu 2016 ndi kachikwama kamodzi, nditauza amayi kuti ndikangotha chaka. Ndabwerako mu 2024. Anzanga omwe akadali ku Johannesburg ndi ku Cape Town akhala akundifunsa pa WhatsApp kuti mtchona akafika amayambira pati, ndiye ndati ndilembe kamodzi. Za basi, za pa Beitbridge, za ku Tete ndi pa Dedza sindinenapo, nonse njirayo mukuidziwa.

1. Katundu atsogole, inu mubwere pambuyo

Filiji, bedi, njinga ndi zonse zolemera perekani kwa transipota kudakali mwezi wathunthu. Chilichonse muchijambule chili pa ngolo ya galimoto yake, nambala ya galimotoyo ikuoneka. Mugwirizane pomwepo kuti za msonkho wa MRA pa boda zili mu mtengo womwewo kapena ayi, ndipo alembe pa WhatsApp, osangonena pakamwa. Alipo ena amakutchulirani mtengo wotsika ku Joni, akafika pa boda n'kuyamba kuimba foni kuti katundu wagwidwa, tumizani zina. Theka lipirani ponyamula, theka katundu akatsika pakhomo. Wokana zimenezi musiyeni, matransipota ndi ambiri.

2. Ndalama musasinthe zonse tsiku limodzi

Pa boda sinthani yongokwanira ulendo ndi sabata yoyamba. Anyamata osintha ndalama aja manja awo ndi achangu, muwerenge nokha kawiri musanatulutse ma rand anu m'thumba. Ine K5,000 ya pepala ndinaiona koyamba tsiku limenelo, poti inatuluka mu 2022 ndili kunja, ndipo ndinachita kufunsa mayi wina wa m'basi ngati inali yeniyeni.

Chovuta china n'chakuti mutu wanu umakhala ukuwerengabe mitengo ya chaka chomwe munachoka. Kwacha inagwetsedwa ndi 25 peresenti mu May 2022, kenako ndi 44 peresenti mu November 2023, ndiye mtengo uliwonse uzimveka ngati akukuberani. Nthawi zina akukuberanidi. Wakabaza akangomva "eish" ndi "neh" pakamwa panu, mtengo wakwera kale. Masabata oyamba tumani mwana wa pakhomo kumsika, inu muzingomva kuti usipa wa pa mbale ukupita bwanji masiku ano.

3. Musanapite kwina kulikonse, kapepeseni maliro

Apa ndi pomwe ine ndinaphonya, ndipo mpaka lero zikundiwawabe.

Ndinafika Lachiwiri madzulo. Lachitatu anzanga a kale anabwera ndi galimoto, tinapita ku Senga Bay, chambo chowotcha, zakumwa ndikugula ndine, zithunzi pa Facebook. Lachinayi ndinali kwa ogulitsa simenti kufunsa mitengo. Lachisanu ndinagona tsiku lonse. Amayi osanena kanthu. Loweruka m'mawa akupeta mpunga pakhonde, osandiyang'ana n'komwe, anangoti, "Kodi ku Khombedza mupita liti, bambo? Kapena mukudikira akulembereni kalata?"

Amalume anga, mwini mbumba yathu, anamwalira mu 2021. Nthawi imeneyo ndinatumiza ndalama ya bokosi pa Mukuru, ndinalira ndekha m'kachipinda kanga ku Cape Town, ndipo mumtima mwanga nkhaniyo inali itatha. Kumudzi sizitha choncho. Munthu amene sanakhale nawo pa maliro amakhala ndi ngongole ya mapazi, ndipo anthu amawerenga masiku kuyambira tsiku lomwe wafika.

Ndinapita Lamulungu, ndekha, nditanyamula bulangete latsopano la ku Joni. Akazi a malume anandiyalira mphasa pansi pa mtengo wa mango, iwo n'kukhala chapatali. "Takulandirani alendo," anatero. Alendo, ine amene ndinakulira pa nsima ya m'manja mwawo. "Tinakuonani pa foni ya anawa kuti muli kunyanja. Tinati mwina ndi wofanana nanu chabe." Bulangete lija analandira ndi manja awiri, n'kuliika pambali osalimasula m'pepala lake. Sanandifotokozere za matenda a malume. Anandifunsa za ulendo, za mvula ya ku Joni, basi. Patapita miyezi itatu, nkhani ya munda wathu wa kudambo itavuta, ana a malume omwe ankadziwa malire ake bwinobwino anangokhala chete pabwalo.

Ndiye chitani chonchi. Usiku womwe mwafika, khalani pansi ndi amayi kapena alongo anu akulu, akutchulireni onse omwe anamwalira inu kulibe. Lembani, musadalire mutu, zaka zambiri maliro amachuluka kuposa momwe mukuganizira. Ine anakwana khumi ndi anayi, ena sindinamve n'komwe. Iwowo ndi amene akuuzeni koyambira, poti kulumpha khomo la wamkulu n'kuyamba la wamng'ono ndi mlandu winanso.

M'mawa mwake nyamukani, ndipo musapite nokha. Tengani munthu wamkulu wa kubanja kuti akakulankhulireni, iye ndi amene amanena kuti mwana uja anali kutali wabwera kudzapepesa. Chipepeso sichifuna kudzionetsera: shuga, sopo, mchere ndi kandalama kokulunga bwino, zakwana. Zovala za ku Joni zija zisiyeni m'chikwama, magalasi akuda ndi chipewa vulani musanalowe pabwalo. Amayi, chitenje ndi mpango kumutu. Akakupatsani mpando, kanani mwaulemu, khalani pamphasa.

Kenako tsekani pakamwa. Adzayamba kufotokoza matenda kuyambira tsiku lomwe malemuwo anayamba kudandaula mutu, za kuchipatala, mawu awo omaliza, yemwe anasambitsa, yemwe analalikira. Mwina munamva kale zonsezi pa foni. Mvetserani ngati n'koyamba. Misozi ikayambiranso musadabwe, kwa iwo kubwera kwanu kwadzutsa malirowo. Nkhani za ku Joni tsiku limenelo ayi, ngakhale akufunseni yankhani mwachidule.

Kumanda musalowe nokha. M'midzi yambiri ya Achewa kumanda kuli eni ake, mumapempha kwa a mfumu ndipo amakupatsani wokuperekezani. Ngati banjalo ndi la Chisilamu, monga alili mabanja ambiri m'mbali mwa nyanja kuno mpaka ku Nkhotakota, funsani ngati sadaka inachitika ndi momwe mungathandizire, ndipo musayerekeze kufika ndi fungo la mowa wa dzulo. Mukamaliza makomo onse, kaonekereni kwa a mfumu a m'mudzi mwanu, kadzanja kali ndi kanthu. Mudzawafuna posachedwa pa nambala 5.

Zonsezi zikhoza kukudyerani masiku anayi kapena asanu. Nyanja siithawa.

4. Mphatso zigawidwe ndi amayi

Chikwama musatsegule pabwalo anthu akuona. Lowetsani m'nyumba, amayi kapena akazi anu ndiwo agawe, amadziwa yemwe anawathandiza kufolera nyumba ndi yemwe anangosowa. Opempha ndalama abwera ndithu, ena m'mawa kusanache. Patulani kandalama ka zimenezi, kakatha muzinena kuti zatha. Wina aliyense wobwera ndi bizinesi yoti mulowe limodzi, kaya ya boti ndi chilimira, kaya yopikula mpunga ku Lifuwu, muuzeni abwerenso pakatha miyezi itatu. Ambiri sabweranso.

5. Chiphaso cha unzika ndi nambala ya foni

Amene tinachoka kalembera wa 2017 asanachitike tilibe chiphaso cha NRB, ndipo popanda chimenechi kulembetsa simu, kutsegula Airtel Money kapena Mpamba, ngakhale akaunti ku banki, n'kovuta. Pitani ku ofesi yawo pa boma, fomu yake imafuna umboni wa a mfumu kapena abale omwe ali nacho kale. Khadi silituluka tsiku lomwelo, ndiye yambani msanga. Pakhomo pa maofesi simulephera kupeza wina wonena kuti ali ndi m'bale wake mkatimo, mumupatse kenakake zifulumire. Ameneyo ndi dobadoba, ndalama yanu ipita. Simu yolembetsa m'dzina la munthu wina musaikemo ndalama zambiri, ikatayika mwini dzinayo ndiye amakaitenganso.

6. Udzudzu sukukudziwaninso

Ku Johannesburg ndi ku Cape Town kulibe malungo, ndipo thupi likakhala zaka osakumana nawo limaiwala kulimbana nawo. Mtchona malungo amamugwetsa ngati mwana. Neti imangidwe usiku woyamba womwewo, kutenthe bwanji. Mukamva kuphwanya m'thupi musati ndi kutopa kwa ulendo, kayezetseni tsiku lomwelo, ku chipatala cha boma kuyeza ndi LA yemwe n'zaulere. Mankhwala ogula pa benchi mumsika asiyeni. Madzi a pachitsime wiritsani kaye masabata oyamba, mimba nayonso inazolowera za kwina.

7. Zotsala

Ana akhoza kukuthawani kapena kukutchulani "ankolo". Musakalipe, aperekezeni kusukulu masiku angapo, zimatha zokha. Akazi anu ayendetsa khomo zaka zonsezi popanda inu, musafike ndi malamulo atsopano sabata yoyamba. Ngati munkatumiza ndalama zomangira nyumba, kaoneni nyumbayo muli awiri ndi mmisiri wina, osati amene anamanga. Mita ya ESCOM ndi bilu ya madzi onani ngati zili m'dzina lanu komanso ngati palibe ngongole. Kutchalitchi kapena kumzikiti kaonekereni sabata yoyamba. Mawu oti "ku Joni timachita chonchi" achepe.

Pasipoti ikulungeni mu jumbo, muiike m'chitini chotseka bwino. Yanga yakale ndinaisiya m'sutikesi pansi pa bedi, chiswe chinadya mpaka tsamba la chithunzi.