Dothi la Bedi Lokweza: Kolipeza ndi Kasakanizidwe Kake

Bedi lokweza limathandiza nthawi ya dzinja chifukwa madzi sadikha pamizu, koma ubwino wake wonse uli pa dothi limene mwaunjikapo. Bedi la mita imodzi m'lifupi, mamita 5 m'litali ndi masentimita 20 msinkhu limadya zidebe 50 za malita 20. Mwa zimenezi, 33 zikhale dothi lapamwamba ndipo 17 zikhale manyowa owolerana.

Dothi likhale lapamwamba penipeni, osapitirira masentimita 15 kapena 20 kuya kwake. Lapansi pa mtengo wa nsangu ndi labwino kwambiri, poti mtengowu umayoyola masamba mvula ikayamba ndipo amaolera pomwepo. Lapachulu limathandiza kumanga mchenga, koma muthire pang'ono, chidebe chimodzi pa zidebe zisanu, chifukwa likachuluka bedi limauma gwa ngati njerwa. Ambiri amanyengeka ndi makande akudambo poona kuda kwake. Fumbatani lonyowa m'dzanja: likamata ngati lowumbira mbiya, likufunika mchenga wakumtsinje ndi manyowa ambiri. Labwino limagwirana, koma mukaligogoda ndi chala limamwazika.

Musatape pamene munalimapo tomato, fodya kapena therere zaka zapitazi. Pamalo otere pamakonda kukhala tinyongolotsi tosaoneka ndi maso totupitsa mizu, ndipo tikalowa m'bedi n'tovuta kutha. Dothi lakudzala la m'tauni nalonso lisiyeni ngati mumatayidwa mabatire, magalasi ndi mapulasitiki.

Ntchito yaikulu ili pa manyowa. Yalani mulu wa mita imodzi mbali zonse, pamthunzi. Pansi ikani mapesi oduladula okhuthala masentimita 20, pamwamba pake masamba aawisi masentimita 10, monga a deliya, gilisidiya, ombwe kapena zotsalira za mtedza, kenako ndowe masentimita 5. Wazani phulusa lodzaza manja awiri ndi dothi pang'ono, thirirani, n'kuyambiranso mpaka mulu ufike m'chiuno. Zikani ndodo pakati. Pakatha masiku atatu kapena anayi, ndodoyo mukaizula izikhala yofunda. Ikakhala yozizira ndi youma, madzi achepa kapena zouma zachulukitsa. Onjezani madzi ndi ndowe. Mulu ukamanunkha zoola, madzi apyola muyeso ndipo mpweya sukulowa, choncho utembenuzeni ndi kusakanizamo udzu wouma. Muzitembenuza pakatha milungu iwiri kapena itatu, zakunja zilowe m'kati. M'nyengo yotentha manyowa amapsa pa miyezi iwiri kapena itatu, pomwe m'miyezi yozizira ya Juni ndi Julayi amachedwerapo.

Apa ndi pamene alimi ambiri amapupuluma. Zitosi za nkhuku zaziwisi zimawotcha mbande, ndowe yosaola imabweretsa mbewu za udzu ndi mphutsi zodula mizu, ndipo utuchi kapena mapesi osawola amaitana chiswe komanso amayamba alanda nayitrojeni (chakudya chobiriwitsa mbewu) m'dothi, masamba a mpiru n'kuchita chikasu. Manyowa okupsa ndi oderako, ozizira, ofumbutuka, fungo lake ngati la nthaka ya m'nkhalango. Mukakayika, thirani dothi losakaniza ndi manyowawo m'chitini n'kufesamo njere khumi za mpiru. Zikamera bwino patatha sabata, dothi lakonzeka.

Musanaunjike, tipulani pansi pa bedi ndi khasu kuti mizu ndi madzi zizidutsa. Sakanizani dothi ndi manyowa pambali, thirani m'bedi, thirirani kwambiri, ndipo dikirani sabata imodzi lititimire musanawokere. Phimbirani ndi udzu wouma wopanda njere. Pabedi musamapondepo, n'chifukwa chake m'lifupi simuyenera kupyola masentimita 120.

Mukakolola, bedi limakhala latsika. Onjezani chidebe chimodzi cha manyowa pa mita iliyonse, ndipo pamene panali kabichi kapena repu bzalanipo nyemba kapena anyezi.