Mukapita ku Wat Phra Kaew ku Bangkok

Amene muli ndi ulendo wa ku Bangkok, likulu la Thailand, musabwerere osakaona Wat Phra Kaew, kachisi wa Abuda amene ali mkati mwa Grand Palace, mpanda wa nyumba zachifumu. Lawirirani, amatsegula 8:30 m'mawa, masana kumatentha zedi komanso anthu amakhala ali thithithi. Valani zofika kumapazi, kabudula ndi malaya oonetsa mapewa akakubwezani nazo pageti. Wina akakuimikani panja n'kumati lero atseka musamumvere, akufuna akukwezeni tuk-tuk akakusiyeni kumashopu.

Fano la Emerald Buddha, limene lili m'kachisiyu, ndi laling'ono, masentimita 66 basi, losema pa mwala wobiriwira, analikhazika pamwamba kwambiri ndipo amalisintha zovala zagolide katatu pachaka malinga ndi nyengo. Polowa m'nyumba muli fanolo nsapato vulani, kujambula mkatimo n'koletsedwa, ndipo mukakhala pansi pindani miyendo mapazi asaloze fanolo, kwa eni akewo n'chipongwe chachikulu.

Chonde musathamangire kutuluka. Khoma la khonde lozungulira kachisiyo lili ndi zojambula zigawo 178 zofotokoza nkhani ya Ramakien, nthano yakale ya ku Thailand: nkhondo, nyumba zachifumu zonyezimira golide, ziwanda, ine ndimaona kuti apa mpoyenera ola lathunthu. Mufunefune Hanuman, nyani woyera wa m'nthanoyi, akupezeka malo ambiri. Khondelo lili ndi mthunzi, koma madzi akumwa nyamulani.