Muli ndi shuga, BP kapena mumamwa ma ARV ndipo katemera wa korona akukuopsani? Yambirani apa

Mayi anga aang'ono a kwa Chimwala ali ndi BP ndi shuga kwa zaka zambiri ndithu, ndipo katemera wa korona atangofika iwo anakana kwamtuwagalu. Amati "thupi langali ndi lotha kale, nde mukufuna mundimalize ndi jakisoni?" Ine sindinawaseke ayi, chifukwa munthu amene amamwa mapilisi tsiku ndi tsiku amalidziwa thupi lake, amadziwa kuti kanthu kakang'ono kamatha kumugoneka sabata yonse. Anadzabayitsa pambuyo pake, koma osati chifukwa chowakalipira. Tinangotsata njira imene ndikulemba apayi, mwina ingathandize inu kapena m'bale wanu.

Choyamba, dziwani chimene chikukuopsani kwenikweni

Zikumveka ngati zachibwana koma apa mpamene pagona nkhani. "Ndikuopa katemera" si funso limene adokotala angayankhe. Khalani pansi muganize, kodi mukuopa kuti alimbana ndi mankhwala amene mukumwa? Kapena kuti shuga akwera? Kapena munamva za magazi kuundana? Kapena ndi za chipembedzo? Lembani papepala, ngati kulemba kumakuvutani muuzeni mdzukulu alembe. Mayi anga aang'ono aja titawafunsitsa zinapezeka kuti mphekesera zoti katemerayu ndi chizindikiro cha chilombo cha 666 analibe nazo ntchito, chimene chimawadya mumtima ndi choti katemerayo "akakumana" ndi mapilisi a BP m'magazi. Funso limodzi basi, ndipo yankho lake linalipo.

Chachiwiri, yerekezani zoopsa ziwirizo, osati chimodzi chokha

Ambirife timangoyang'ana kuopsa kwa jakisoni nkuiwala kuopsa kwa nthenda yeniyeniyo. Kumbukirani January 2021, pamene tinataya nduna ziwiri tsiku limodzi, a Sidik Mia ndi a Lingson Belekanyama. Korona amagwira aliyense inde, koma amene amawapanikiza kwambiri mpaka kufuna oxygen ndi okalamba ndi amene ali kale ndi shuga, BP, matenda a mtima, a impso, a m'mapapo, khansa, ndi amene chitetezo chawo chatsika ngati munthu wa HIV amene sakumwa bwino mankhwala. Nchifukwa chake katemera wa AstraZeneca atafika pa 5 March 2021, madozi 360,000 kudzera ku COVAX, ndondomeko yogawira maiko katemera wa korona, anthu a matenda a mgonagona anali m'gulu loyambirira limodzi ndi azaumoyo ndi achikulire. Sikuti amafuna kuyesera pa inu ayi, ndinu amene nthendayi imakupwetekani koposa. A bungwe la zaumoyo pa dziko lonse la WHO analengeza mu May 2023 kuti korona salinso mliri wadzidzidzi wa dziko lonse, koma kachiromboko sikanasamuke, ndipo malangizo awo amaikabe odwala matenda okhalitsa patsogolo, kuphatikizapo kubayitsa wowonjezera pakapita nthawi.

Ndipo katemera amene tinalandira kuno, AstraZeneca, Johnson & Johnson ndi Pfizer, alibe kachirombo ka korona kamoyo mkati mwake, sangakupatseni korona. Amangoliphunzitsa thupi kuzindikira mdaniyo. Wina akakuuzani za madozi aja boma linawotcha ku Lilongwe mu May 2021, ndi zoona, analipo 19,610, koma anawotchedwa chifukwa masiku ake anali atatha. Kwa ine zimenezo zikusonyeza kuti wotha ntchito sanabaye anthu.

Chachitatu, tengani kabuku ka kuchipatala mupite kwa amene amakuonani nthawi zonse

Osapanga ulendo wapadera ngati transipoti ikuvuta, munthu wa ku Makanjira kapena ku Namwera akudziwa mtengo wa ulendo wa ku Boma. Dikirani tsiku lanu lokatenga mankhwala, kaya ndi ku kiliniki ya shuga ndi BP pa Mangochi District Hospital, kaya ku ART kotengera ma ARV, kaya ku Monkey Bay kapena ku St Martin's ku Malindi, mufunse komweko. Tengani kabuku kanu ndi mankhwala onse amene mukumwa m'mapaketi ake, ngakhale azitsamba amene anakupatsani aneba, musabise. Nenani ngati munayamba mwatupapo nkhope kapena kubanika mutabayidwa jakisoni wina aliyense, nenani ngati muli ndi pakati, ngati mukulandira mankhwala a khansa, kapena mumamwa mankhwala osungunula magazi ngati warfarin. Zambiri mwa izi siziletsa katemera, zimangosintha tsiku kapena kasamalidwe kake. Chimene chimaletsadi ndi ngati mtundu womwewo wa katemera unakupwetekani koopsa ulendo woyamba.

Funsaninso kuti pakadali pano alipo mtundu uti ndipo akubaya tsiku liti. AstraZeneca analeka kugulitsidwa mu 2024, nde musadabwe mukauzidwa dzina lina losiyana ndi limene lili pa khadi lanu lakale. Mlangizi wa zaumoyo wa m'mudzi mwanu, HSA uja, amadziwa zimenezi msanga kuposa gulupu ya WhatsApp.

Kwa abale athu achisilamu, amene anapanga akatemera atatu aja ananena kuti mulibe chochokera ku nkhumba, ndipo mashehe ambiri amaphunzitsa kuti jakisoni wa pamkono saononga swaumu. Koma ngati mtima sukukhazikika afunseni ashehe anu, kapena musankhe tsiku la kunja kwa Ramadan, makamaka ngati muli ndi shuga.

Chachinayi, ndipo ichi ndikuchinena mokuwa, musasiye mankhwala anu

Pali anthu amene amati "ndipume kaye ma ARV masiku atatu kuti asasakanikirane ndi katemera." Chonde ayi. Katemerayu salimbana ndi ma ARV, salimbana ndi mapilisi a BP, metformin, insulin, mankhwala a khunyu kapena a TB. Choopsa chenicheni ndi kudumphitsako, BP ikhoza kukwera mpaka sitiroko, khunyu ikhoza kubwerera, nde mawa anthu ayamba kuloza chala katemera chonsecho munthu anasiya mapilisi yekha. Imwani pa nthawi yake ngati masiku onse, tsiku lobayitsalo ndi masiku otsatira.

Chachisanu, tsiku lenilenilo

Pitani muli bwino. Ngati thupi likutentha, mwina ndi malungo poti kuno kunyanja udzudzu sutisowa, kayezetseni muchire kaye, katemera adikira. Idyani musananyamuke, a shuga musapite ndi njala ati kuti mukafike msanga pamzere, ndipo tengani botolo la madzi chifukwa dzuwa la Mangochi lokha likhoza kukugwetsani pamzerepo jakisoni asanakukhudzeni nkomwe. A mphumu musaiwale ka inhaler. Perekani mkono umene simugwiritsa ntchito kwambiri, kwa asodzi opalasa bwato ndi akabaza ndi nzeru kusankha tsiku loti mawa lake mupuma. Ngati mumamwa zosungunula magazi, psinjani pobayidwapo ndi thonje kwa mphindi zingapo osatikita.

Akakubayani musathamangire minibasi. Khalani pompo mphindi 15, kapena 30 ngati thupi lanu limadana ndi zinthu zina mpaka kutupa, chifukwa vuto loopsa la mtundu umenewo ngakhale ndi losowa limabwera msanga ndipo mankhwala ake ali pomwepo. Khadi la katemera lisungeni mkati mwa kabuku kaja.

Mukafika kunyumba

Mkono kuwawa, kuphwanya m'thupi, mutu, kutentha thupi pang'ono, kutopa, zimenezi zimachitika kwa tsiku limodzi kapena awiri, mwina atatu, ndipo Panado amakwanira. A impso, a zilonda za m'mimba ndi a BP musamangogula Brufen kapena Indocid pa golosale, funsani kaye. A shuga dziwani kuti thupi likatentha shuga amatha kukwera pang'ono kwa kanthawi, nde ngati muli ndi kamakina yezani pafupipafupi, imwani madzi ambiri ndipo muzidya ngakhale kamwa ikukana. Mayi anga aang'ono anagona tsiku limodzi akudandaula mkono, mawa lake tinawapeza akuyanika usipa.

Koma pali zizindikiro zosayenera kugona nazo pakhomo. Kubanika kapena kutupa milomo ndi nkhope, kupweteka pachifuwa kapena mtima kugunda modabwitsa, mutu waukulu wosamva Panado umene wayamba patapita masiku angapo, maso kuchita chidima, mwendo umodzi kutupa, m'mimba kupweteka kosaleka, timadontho ta magazi pansi pa khungu. Nkhani ya magazi kuundana ija inalipodi pa AstraZeneca ndi Johnson & Johnson, yosowa kwambiri koma yeniyeni, ndipo imaonekera mkati mwa mwezi woyamba. Mukaona chimodzi mwa izi pitani kuchipatala tsiku lomwelo, muwauze tsiku limene munabayitsa ndi mtundu wake. Kutentha thupi kukapitirira masiku atatu kayezetseni malungo, musangoti ndi katemera uja.

Nanga ngati mwafunsa zonsezi koma mtima ukukanabe? Palibe amene akukokereni pa mpando mokakamiza. Auzeni adokotala anu poyera kuti simunakonzeke, mupitirize kumwa mankhwala anu mokhulupirika, ndipo mukayamba chifuwa ndi kutentha thupi musachedwe ndi kufukiza bulugamu kunyumba, pitani msanga. Kapepala ka mafunso kaja kasungeni m'kabuku, tsiku lokatenga mankhwala mwezi wamawa mukafunsenso.