Ndani Ayenera Kulandira Ovataimu ku America: Malamulo a M'chigawo Chomwe Mukugwira Ntchito

Amalawi ambiri omwe ali ku America amagwira ntchito zolipidwa pa ola, monga kusamalira okalamba, kulongedza katundu m'mawehausi, kapena kuthandiza anamwino m'zipatala, ndipo nkhani ya ovataimu imawakhudza mlungu uliwonse. Kwathu lamulo la ntchito limawerengera maola 48 pa sabata. Ku America lamulo la dziko lonse, la Fair Labor Standards Act la 1938, limati ola lililonse loposa maola 40 pa sabata lilipidwe malipiro a ola limodzi ndi theka. Komabe chigawo chilichonse chili ndi mphamvu yowonjezera pamenepo, ndipo malamulo awiriwa akasiyana, abwana ayenera kutsata lomwe likukomera wantchito.

Taganizirani munthu wolandira madola 20 pa ola mu wehausi, yemwe wagwira masiku atatu a maola 12 lililonse. Ku Indiana sanafike maola 40, choncho alandira madola 720. Ku California ovataimu imayamba munthu akapyola maola 8 pa tsiku, ndiye maola anayi omaliza a tsiku lililonse alipidwa madola 30, ndipo zonse pamodzi zikwana madola 840, pokhapokha ngati ogwira ntchito pamalopo anavotera okha ndondomeko ya mashifiti aatali. Akapyola maola 12, malipiro amawirikiza kawiri. Alaska nayo imawerengera maola a tsiku, pamene Colorado imayambira pa maola 12.

Omwe salandira ovataimu kwenikweni ndi oyang'anira anzawo, a m'maofesi omwe amapanga okha ziganizo zikuluzikulu, ndi akatswiri a maphunziro apamwamba. Apa ndi pomwe anthu ambiri amaberedwa. Kulandira salale ya pamwezi kapena kupatsidwa dzina la supavaiza sikokwanira kuti munthu amanidwe ovataimu. Chomwe chimaonedwa ndi ntchito yeniyeni yomwe amagwira tsiku ndi tsiku, komanso kukula kwa malipiro ake. Kuti munthu amanidwe ovataimu, lamulo la dziko lonse limafuna kuti azilandira madola osachepera 684 pa sabata, koma California imafuna salale yowirikiza kawiri malipiro otsikitsitsa a m'chigawocho, yomwe mu 2025 inali madola 68,640 pa chaka. Munthu yemwe akutchedwa manijala koma tsiku lonse akukolopa, kusambitsa odwala ndi kuchapa zofunda, kawirikawiri amayenera kulandira ovataimu monga anzake onse.

Osamalira anthu m'makomo ayenera kusamala kwambiri, chifukwa malamulo a dziko lonse pa gulu limeneli akhala akusinthasintha, ndipo wantchito wogonera komweko yemwe walembedwa ndi banja lenilenilo satetezedwa nawo pa nkhani ya ovataimu. Chitetezo chodalirika chili m'malamulo a zigawo zina. New York inakhazikitsa lamulo la ufulu wa antchito a m'nyumba mu 2010, ndipo wogonera kwa abwana amayamba ovataimu akapyola maola 44 pa sabata. Ku California wosamalira mwana, wokalamba kapena wolumala pakhomo amayamba akapyola maola 9 pa tsiku kapena 45 pa sabata. Mabanja ena amati chipinda ndi chakudya zalowa m'malo mwa ovataimu, ndipo ife, pozolowera kuyamika tikasungidwa, timachita manyazi kufunsa. Lamulo siliwerengera choncho.

Ogwira ntchito m'minda satetezedwa ndi lamulo la dziko lonse pa nkhani ya ovataimu, koma m'chigawo cha Washington akhala akulandira ovataimu akapyola maola 40 kuyambira mu 2024, ndipo California nayo inafika pa mlingo womwewo.

Chinanso ndi fomu ya msonkho. Kupatsidwa fomu ya 1099 m'malo mwa W-2, yomwe ndi ya olembedwa ntchito, kumatanthauza kuti abwana akukuonani ngati wodzilemba nokha ntchito, amene alibe ovataimu. Ngati iwo ndi omwe amakuuzani nthawi yofika, yoweruka ndi kagwiridwe ka ntchito, fomuyo payokha sikuchotserani ufulu wanu.

Lembani m'kabuku kapena pafoni nthawi yomwe mwayamba ndi kuweruka tsiku lililonse, ndipo sungani mapepala onse a malipiro ndi mauthenga okuitanani ku shifiti. Dandaulo limaperekedwa kwaulere, ku California kudzera ku ofesi ya Labor Commissioner, ku Washington ku Department of Labor and Industries. Lamulo la dziko lonse limakupatsani zaka ziwiri zoti mudandaule, kapena zitatu ngati abwana anachita dala. California imapereka zaka zitatu, New York zisanu ndi chimodzi. Ku California lamulo limanena poyera kuti ufulu umenewu ndi wa wantchito aliyense, kaya mapepala ake okhalira m'dzikomo ali bwanji, ndipo kuchotsa munthu ntchito chifukwa choti wadandaula ndi mlandu wina pawokha.