Kulondola gwero la mawu akuti "ndarama"

M'Chishona, "ndarama" ndi golide. Kwathu "ndalama" ndi zogulira zinthu. Mawuwa ndi amodzi, ndipo njira yowalondolera imagwiranso pa mawu ena obwereka.

Yambani ndi kulemba mawuwo m'zinenero zoyandikana, paliponse ndi tanthauzo lake. Kusiyana kwa r ndi l kusakusokonezeni, poti m'Chichewa zilembo ziwirizi zimalowerana m'malo tanthauzo osasintha. Kenako chotsani n woyambirira. Chichewa chimakonda kuika n kapena m kutsogolo kwa mawu achilendo: "sapato" ya Chipwitikizi inasanduka nsapato, "batata" n'kukhala mbatata. Mukachotsa, patsala "darama".

Tsopano funsani kuti ndani ankagula golide. Golide wa ku Zimbabwe ankatsikira ku doko la Sofala ku Mozambique n'kupita ku Kilwa ku Tanzania, m'manja mwa amalonda achiswahili ndi Aluya, Mpwitikizi woyenda panyanja Vasco da Gama asanafike kugombeli mu 1498. M'Chiarabu ndalama imodzi ndi "dirham", zikachuluka "darahim". Yerekezani "darahim" ndi "darama": hi wagwa, ndipo kumapeto kwabwera a, chifukwa mawu athu amathera pa a, e, i, o kapena u.

Apa samalani ndi tanthauzo. Dirham inali ya siliva, ya golide inali dinar. Mukamayembekeza kuti tanthauzo lifanane ndendende, mutaya njira yolondola. Mawu akasamuka amamatira ku chinthu chimene anthu ankasinthanitsa pamalondapo, ndipo kumeneko chinali golide.

Aluya nawonso anachita kubwereka, kudzera m'Chiperisiya, kuchokera ku "drakhme" ya Agiriki. Dziko la Greece linagwiritsa ntchito drachma mpaka 2002. Dirham ikadalipo ku Morocco ndi ku United Arab Emirates, ndipo dram ya ku Armenia ndi ya banja lomweli.

Ambiri amaphonya pokhulupirira kufanana kwa kamvekedwe kokha, popanda njira ya malonda kapena ulamuliro yosonyeza kuti anthuwo anakumanadi. Ena amapeka chidule. Mudzamva kuti "boma" ndi zilembo zoyamba za "British Overseas Military Administration", koma si zoona: m'Chiswahili boma linali kale mpanda kapena linga Angerezi asanayambe kulamulira kuno mu 1891.

Chaka ndicho chimathetsa mkangano wotere, choncho tsegulani madikishonale akale a Chinyanja. Ya Johannes Rebmann inasindikizidwa mu 1877, ya David Clement Scott wa ku Blantyre Mission mu 1892. Kalembedwe kawo n'kosiyana ndi ka lero, ndiye mawu mukawasowa pa l, kawafuneni pa r.