Mmene Mungakumbukirire Msilikali Amene Anatsala Kunkhondo

Agogo anga anamwalira akusungabe chithunzi chimodzi cha achimwene awo, atavala yunifolomu, chipewa chili chopendekeka. Achimwene awowo anapita ku Burma mu 1944, osabwerako. Kwathu tinkangowatchula kuti "agogo aja a kunkhondo", ndipo ndinafika zaka makumi atatu ndisakudziwa dzina lawo. Zimenezi zinandiwawa mumtima.

Yambani ndi dzina. Funsani akuluakulu akadali moyo, ndipo mufunse mayina awiri: lobadwa nalo ndi limene analembetsa polowa usilikali, pakuti alembi ankalemba monga momwe khutu lawo lamvera. Funsaninso nambala yake ndi gulu limene anali. Zonsezi lembani m'kope tsiku lomwelo. Ngati anafa pa nkhondo yoyamba kapena yachiwiri ya dziko lonse ali m'magulu a Britain ndi mayiko amene ankawalamulira, fufuzani pa intaneti m'kaundula wa Commonwealth War Graves Commission. Bungweli linayamba mu 1917 ndipo limasunga mayina pafupifupi 1.7 miliyoni. Yesani kalembedwe kosiyanasiyana. Ine ndinafufuza sabata zitatu, kenako ndinawapeza dzina litasowa chilembo chimodzi.

Mwina simumupeza. Mu 2021 bungwe lomweli linavomereza kuti anthu osachepera 116,000 amene anafa pa nkhondo yoyamba, ambiri mwa iwo a ku Africa, sanakumbukiridwe ndi mayina awo. Ambiri anali amtengatenga, osenza zipolopolo ndi chakudya cha asilikali mpaka kugwa ndi njala ndi matenda. Ngati wanu ali m'gulu limeneli, kope lanu lija ndiye kaundula wake yekhayo, choncho lisamaleni.

Kenako sankhani tsiku. Ambiri amatenga 11 November, chifukwa mfuti za nkhondo yoyamba zinaleka kulira tsiku limenelo mu 1918, nthawi ya 11 koloko m'mawa, ndipo kuyambira 1919 anthu amakhala chete mphindi ziwiri pa ola limenelo. Zimitsani foni, imirirani, tchulani dzina lonse mokweza, ndiyeno khalani duu. Mphindi ziwiri zimatalika kuposa momwe mukuganizira, ana amayamba kutekeseka, koma musazidule. Ku Ypres, m'dziko la Belgium, amaimba lipenga la Last Post, nyimbo yotsanzikana ndi asilikali akufa, 8 koloko madzulo aliwonse pa Menin Gate, chipata cholembedwa mayina oposa 54,000 a asilikali amene manda awo sadziwika. Anayamba mu 1928, koma analekeza pa zaka za nkhondo yachiwiri zimene mzindawo unali m'manja mwa Ajeremani. Nkhata za maluwa ndi zokamba za akuluakulu ndi zabwino ndithu, koma ine chimandigwira mtima ndi dzina likamveka.

Musaiwale otsala. Asilikali akufabe lero, ena pa ntchito yosungitsa mtendere m'mayiko a eni. Mayi wamasiye amaona anthu ambiri pa tsiku la mwambo, mawa lake pakhomo pali zii. Pitani kukamuzonda mwezi wina uliwonse, mufunse za sukulu ya ana. Akafuna kukamba za mwamuna wake, mverani. Akapanda kufuna, musamukakamize.

Chithunzi chija chili kwa ine tsopano. Kumbuyo kwake ndinalembako ndi pensulo dzina, nambala ndi chaka, ndipo November yapitayi mwana wanga wamkazi ndi amene anawerenga.