Momwe mungatetezere njuchi ndi zinzake zonyamula mungu m'minda ya ku Tete

Maungu akamayoyoka akadali aang'ono, alimi ambiri a m'maboma a Angónia, Tsangano ndi Macanga, m'chigawo cha Tete ku Mozambique, amaloza chala mvula kapena kuchepa kwa feteleza, pamene nthawi zina vuto limakhala lakuti duwa silinalandire mungu. Chimanga chimadalira mphepo, koma maungu, nkhaka, mavwende, mpendadzuwa ndi mango zimafuna njuchi, agulugufe, bemberezi ngakhalenso ntchentche zina kuti zibereke bwino. Bungwe la FAO, loona za chakudya ndi ulimi padziko lonse, limanena kuti pafupifupi mitundu itatu mwa inayi ya mbewu zodyedwa padziko lonse imadalira zamoyo zimenezi mwanjira ina, ndipo m'chaka cha 2017 bungwe la United Nations linasankha 20 Meyi kukhala tsiku lokumbukira njuchi.

Choyamba, pitani kumunda kapena kudimba m'mamawa, dzuwa lisanatenthe, ndipo muime pa mpanda wa maungu kwa mphindi zingapo. Dzungu limakhala ndi maluwa a mitundu iwiri: lalimuna lili pa kaphesi kowonda, pomwe lalikazi lili ndi kadzungu kakang'ono kunsi kwake. Maluwawa amatseguka m'mawa n'kufota masana, choncho njuchi ikalephera kufika m'maola ochepawo, kadzungu kaja kamasanduka kachikasu n'kuthothoka. Mukaona kuti njuchi n'zochepa, thyolani duwa lalimuna, muchotse masamba ake achikasu, kenako mukhudzitse kamtima kake kaufa pakati pa duwa lalikazi. Amayi othyola chiluwe cha ndiwo adikire kaye mpaka dzuwa litakwera, ndipo asiyeko maluwa ena aamuna pa mpanda uliwonse.

Chachiwiri, chomwe ine ndimachiona chachikulu kuposa zonse, ndi kapoperedwe ka mankhwala. Alimi a thonje, tomato ndi kachewere sangaleke kupopera, koma angathe kusintha nthawi yake. Poperani madzulo njuchi zitabwerera kuming'oma, pasakhale mphepo, ndipo ngati n'kotheka pewani kupopera mbewu ikakhala pachimake cha maluwa. Musanatero, zulani udzu wamaluwa womwe uli m'mizere, chifukwa njuchi zimaferanso pamenepo ngakhale mbewu yanu isanachite maluwa. Muyezo wolembedwa pa botolo musawonjezere poganiza kuti mankhwala akachuluka ndiye kuti agwira msanga, ndipo ngati malangizo a Chipwitikizi akukuvutani, funsani mlangizi wa zaulimi wa ku SDAE, ofesi yoona za ulimi ndi ntchito zachuma m'boma lanu. Mpope musatsukire mumtsinje kapena pachitsime cha kudimba pomwe njuchi zimamwera madzi. Ngati mnansi wanu ali ndi ming'oma pafupi, muuzeni tsiku limodzi musanapopere kuti akonzeke.

Chachitatu, onetsetsani kuti maluwa alipo ngakhale m'chilimwe. Bzalani nandolo ndi mpendadzuwa m'malire mwa munda, ndipo mpiru wina muuleke uchite maluwa, pakuti mudzapezanso mbewu ya chaka chamawa. Mitengo ya mombo ndi tsamba imachita maluwa mvula isanagwe, nthawi imene maluwa ena kuthengo amakhala ochepa, motero wotcha makala akaimaliza paphiri lonse amakhala watseka nkhokwe ya njuchi za mudzi wonse. Kuchigwa cha Zambezi, monga ku Changara ndi kufupi ndi mzinda wa Tete, maluwa oyera a mlambe amatseguka madzulo ndipo mungu wake umanyamulidwa usiku ndi mileme komanso agulugufe ausiku. Ana akamagenda mileme ndi malegeni awaletsedwe, chifukwa milemeyo ingathe kuthandiza kuti pakhale malambe amene amagulitsidwa m'mphepete mwa msewu.

Chachinayi, lambulani njira zotchinga moto kuzungulira nkhalango ya mudzi ndi malo a ming'oma udzu usanaumiretu. Moto wosakira mbewa wa mu Seputembala umapsereza zitsa ndi mitengo youma momwe bemberezi amaswanirana. Mu Okutobala, kutentha kukafika poipa, ikani madzi m'beseni losazama pamthunzi ndipo muponyemo timiyala kuti njuchi zizitera popanda kumira.

Pomaliza pali kafulidwe ka uchi. Kusenda khungwa kuzungulira mtengo kuti mupange mng'oma kumaupha mtengowo, ndipo kufula ndi muuni wa moto kumapha ana a njuchi, nthawi zina ndi make yemwe. Gwiritsani ntchito ming'oma ya matabwa yokhala ndi timitengo tapamwamba, fukizani utsi wozizira wa zitsononkho kapena ndowe youma ya ng'ombe, ndipo muchotse zisa zokhazo zimene zamatidwa ndi phula. Zisa za ana muzibwezere momwe munazipezera, ndipo musiyeko uchi wina woti njuchizo zidye mpaka maluwa atayambanso.